Kuthamanga m'mapiri: mmene mungayambire, kuchokera pa kaphiri ka kwanuko mpaka kukafika pa Chambe m'phiri la Mulanje

Anthu akaona zithunzi zanga ndili pamwamba pa Mulanje thukuta lili kamukamu, funso limakhala lomwelomwelo: "Aise, umathamangadi mpaka pamwamba pamenepo?" Ayi ndithu. Mbali yaikulu ndimayenda, pena ndimathamanga, pena ndimachita kukwawa ndi manja omwe ngati mwana. Nde ngati chimakuopsani ndi choti mulibe mpweya wothamangira chitunda chonse, dziwani kuti tonsefe tilibe. Nkhani yagona podziwa poyenda, pothamanga, ndi nthawi yobwerera kunyumba.

Ine ndinayamba ndi kujoga pa tala mbali za ku Chilomoni, adokotala atandiuza kuti BP yayamba kukwera, mimba nayo inali itayamba kunditsogolera. Patangotha miyezi ingapo zinandikwana, utsi wa maminibasi, mahutala, agalu, anyamata a kabaza kukudutsa pafupi penipeni ngati uli nawo ngongole. Tsiku lina mnzanga ananditengera ku Michiru, basi kuyambira pamenepo tala ndimangopondapo popita ku ntchito. Zimene ndalemba apazi zambiri ndaziphunzira pogwa, zina anandiphunzitsa ndi anthu amene amakwera mapiriwa tsiku ndi tsiku atasenza katundu.

Choyamba, yambani ndi phiri la pafupi, ndipo yambani poyenda

Musathamangire ku Mulanje kaye. A ku Blantyre muli ndi mwayi, mapiri akuzungulirani: Michiru, Ndirande, Soche. Ine ndimakonda Michiru chifukwa kuli nkhalango yotetezedwa ndipo njira zake n'zodziwika, komanso mbali ya Chilomoni kuli Njira ya Mtanda ija imene akhristu amakwera popemphera, ndi chitunda chabwino chophunzirira. A ku Zomba inu nde osanena, Potato Path ikungoyambira m'tauni momwemo kukwera mpaka pamwamba, mukafika pamenepo pali misewu ya fumbi ya m'nkhalango yopita ku damu la Mulunguzi, Williams Falls, Emperor's View mpaka ku Chingwe's Hole. A ku Lilongwe muyenera kuwotchako mafuta pang'ono: Bunda, Nkhoma kapena phiri la Dedza. M'mapiri a m'tauni osapita nokha, makamaka azimayi, ndipo foni yodula isamachite kuonekera. Atatu kapena anayi ndi bwino.

Masabata atatu oyamba musathamange m'phirimo olo pang'ono. Kwerani mwandawala mphindi 40 kapena ola limodzi, kenako tsikani pang'onopang'ono, kamodzi kapena kawiri pa sabata. Masiku ena awiri muzijoga mphindi 20 mpaka 30 pa msewu wa fumbi kapena pa graundi. Kuyambira sabata yachinayi yambani kuthamanga malo athyathyathya okhaokha a m'phirimo, chitunda chikayamba bwererani koyenda. Sabata iliyonse onjezerani mphindi 10 kapena 15 pa ulendo wa wikendi, ndipo sabata yachinayi iliyonse chepetsani, thupi lipumeko. Ngati muli ndi BP, shuga, mphumu kapena vuto la mtima, kaonaneni ndi adokotala musanayambe, ili si gawo lolumpha.

Ndipo iwalani za makilomita. Pa tala makilomita 5 mwina mumamaliza m'mphindi 30, m'phiri omwewo atha kukudyerani ola ndi theka. Werengani nthawi imene mwakhala pa miyendo basi. Anzathu a Strava, apu yoyeza kathamangidwe ija, amene mumafuna sipidi yooneka bwino pa foni, phiri likuchititsani manyazi, zolowerani.

Chachiwiri, nsapato

Apa pokha nde poonongera ndalama, zinazo mutha kubwereka kapena kusoka. Pa kaunjika zimapezeka nsapato za m'phiri zabwinobwino, vuto ambiri timayang'ana pamwamba ndi dzina. Itembenuzeni. Kunsi kwake kukhale mano akuya ngati tayala la thirakitala, ndipo labala wake mukamukanikiza ndi chikhadabo azimveka wofewerako, chifukwa wouma gwa ngati pulasitiki amaterereka pa mwala. Ipindeni pakati muone ngati guluu sakusiya. Kayeseni masana kapena madzulo mapazi atafufumako, mutavala sokosi imene muzithamangira, ndipo kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale mpata wokwana chala chamanthu cha kudzanja. Mpata umenewu mudzauthokoza potsika. Ine nsapato yanga yoyamba inali yondikwana ndendende, ndinkaiona yokongola, zotsatira zake zikhadabo ziwiri zinada bii n'kuthothoka patatha mwezi. Wengani zikhadabo dzulo lake, pakani vaselini pakati pa zala ndi m'mphechepeche, ndipo sokosi za thonje zisiyeni chifukwa zikanyowa nde matuza ake amenewo.

Mudzaona anyamata a ku Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje, akuuluka pa miyala atavala tinsapato ta pulasitiki, ena osavala n'komwe. Musatengere. Mapazi amenewo akhala akuponda miyala imeneyo kuyambira ali ana.

Chachitatu, kukwera

Lamulo langa n'losavuta: ngati simungathe kuyankha mnzanu chiganizo chathunthu osapumira pakati, mwathamangitsa, yendani. Kuyenda kwake kukhale kwa dala osati kwa munthu wogonja. Weramirani kutsogolo pang'ono kuchokera m'chiuno, manja agwire pa ntchafu cha pamwamba pa mawondo n'kumakankha phazi lililonse, masitepe afupiafupi. Pakakhala mwala waukulu woti mukwere ndi sitepe imodzi yaitali kapena timiyala titatu ta pambali, sankhani timiyalato, sitepe yaitali imadya ntchafu msanga. Pamene patsetserekako pang'ono mutha kuyamba kakuthamanga kapang'ono ka pa zala, ngati mukupondaponda pamodzimodzi.

Ngati mukufuna mphunzitsi waulere, taonani amayi otsika ndi nkhuni kapena abambo osenza matabwa. Sathamanga, saimanso kawirikawiri, amangoyenda liwiro limodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo iwe wa nsapato zodulawe amakupeza utakhala pa mwala uli wefuwefu. Mukakumana nawo pa kanjira kopapatiza patukani ndinu, wa katundu ndi amene ali ndi njira, ndipo perekani moni. Kudutsa munthu wamkulu chothamanga osanena olo "zikomo amayi, tidutse nawo" ndi mwano, ngakhale mutavala wotchi ya GPS.

Kamodzi pa sabata, mukafika mwezi wachiwiri, pezani chitunda cha pafupi ndi kwanu. Thamangani chokwera mphindi imodzi, tsikani choyenda, bwerezani ka 6. Pakapita masabata muzifika ka 10. N'zotopetsa komanso zosasangalatsa koma zimagwira ntchito.

Chachinayi, kutsika, apa nde pamene pagona nkhani

Aliyense amaopa chitunda koma anthu ambiri amavulala potsika. Mtima umakhala wasiya kugunda kwambiri, ukuona ngati zatheka, miyendo ili yotopa kale, maganizo ali pa nsima, nde pamenepo phazi limodzi lokha likaphonya basi.

Ine ndinagwa ulendo wanga wachiwiri wa ku Mulanje. Tinkatsika m'mawa mame asanaume, tinafika pa thanthwe lina lotsetsereka pamene kamadzi kamayenda pamwamba pake, ndere zili bii. Mantha atandigwira ndinachita zimene aliyense amachita, kubweza thupi m'mbuyo n'kuponda ndi chidendene mwendo uli chiwongolere kuti ndigwire buleki. Miyendo yonse inangoti fyuu kutsogolo, ine phii chagada, botolo la madzi kugubuduka mpaka kutsetsereko, chigongono chitasupuka. Gaidi wathu, bambo wamng'ono thupi wa zaka mwina 50, anabwerera, anandidzutsa, anayang'ana chigongonocho n'kunena kuti, "Pepani achimwene. Komatu inu mukulimbana nalo phirili. Mwala wakuda musamaponde, pondani woyerawo. Ndipo maso asamakhale pa zala zanu, phazi limadziwa lokha pamene maso aona kale."

Mawu amenewo ndi theka la phunziro lonse. Maso akhale masitepe atatu kapena anayi kutsogolo, mukusankhiratu poponda. Masitepe akhale afupi komanso ofulumira, phazi lisamakhalitse pansi, kuti likaterereka linalo likhale lafika kale. Mawondo akhale opindika pang'ono nthawi zonse, thupi lili pamwamba pa mapazi osati kumbuyo kwake, pondani ndi phazi lonse osati chidendene chokha. Manja atambasuleni m'mbali ngati nkhuku yothawa kabawi, kuoneka mochititsa manyazi kulibe kanthu. Pamene patsetsereka kwambiri musalunjike pansi, yendani mokhotakhota. Mwala wouma wa ku Mulanje umagwira nsapato bwino kwambiri moti umatha kuudalira, koma womwewo ukanyowa kapena ukamera ndere ndi sopo weniweni. Mizu ya mitengo yonyowa, masamba a paini a ku Zomba aja, ndi timiyala ta m'njira nthawi ya chilimwe, zonsezi n'zoterera. Pamene mwakayika khalani pansi mutsike ndi matako, kabudula amachapika.

Musanayambe kutsika imani kaye, mangitsani zingwe za nsapato kuti phazi lisamasefukire kutsogolo, idyani kanthu, imwani madzi. Ndipo kutsika kumaphunziridwa ngati china chilichonse: pezani kanjira kotsetsereka pang'ono kopanda miyala yambiri, tsikani mphindi imodzi kapena ziwiri, bwererani, bwerezani. Osayamba ndi kuphunzirira pa Skyline, njira yoimirira ya ku Mulanje.

Mukabinya kakolo, imani. Ngati pali mtsinje pafupi viikani phazilo m'madzi ozizirawo mphindi zingapo, mangani bandeji, dulani ndodo, tsikani choyenda. Ngati simukutha kupondera n'komwe kapena fupa likupweteka mukalikhudza, ameneyo ndi wa kuchipatala, osati wongothowa kunyumba.

Chachisanu, kulimbitsa miyendo kunyumba

Jimu siyofunika. Kunjuta kuja ankatilanga nako ku pulayimale nde mankhwala ake: ka 15, katatu, kawiri pa sabata. Onjezani kukwera ndi kutsika pa sitepe ya pakhonde ndi mwendo umodzi, kutsikako kukhale kwa pang'onopang'ono chifukwa ndi komwe kumakonzekeretsa ntchafu. Potsuka mano imani ndi mwendo umodzi, m'mawa wamanja madzulo wamanzere, akakolo amalimba osadziwa. Akunyumba adzakusekani sabata yoyamba yokha.

Chachisanu n'chimodzi, za m'chikwama

Ulendo wosapitirira ola limodzi botolo limodzi m'manja likwana. Ukapitirira maola awiri tengani kachikwama kogwira bwino kumsana kosagwedera, olo ka mwana wa sukulu bola mukamange ndi chingwe pachifuwa. Madzi malita awiri ngati kukutentha. Botolo limodzi ndimathiramo Thanzi ORS, akasowa ndimapanga ndekha: lita imodzi ya madzi, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga, theka la supuni yaing'ono ya mchere. Madzi a m'mitsinje ya pamwamba pa Mulanje ambiri timamwa, koma a m'munsi kumene anthu amachapa ndi kusamba, thiranimoni mankhwala kapena asiyeni.

Chakudya musavutike ndi zodula za m'mapaketi. Nthochi, mbatata yophika, mtedza wokazinga wa mchere, zitumbuwa, buledi wopaka chiponde. Chinsinsi n'kudya pang'ono mphindi 40 zilizonse njala isanakupezeni, chifukwa ikakupezani pa chitunda miyendo imangoti zii, mutu waa, ndipo pamatenga nthawi kuti mubwerere mwakale. Ku Zomba mutha kuchepetsako katundu poti m'mbali mwa msewu wa pamwamba anyamata amagulitsa mastroberi ndi zipatso zina, ingotengani ndalama zosinthasintha. Anyani akakuonani ndi nthochi m'manja musawapatse, ibiseni.

Zinazi musasiye olo kunja kutacha bwanji: jekete yotchinga mphepo ndi mvula, juzi yopepuka mu jumbo kuti isanyowe, tochi, wezulo, bandeji ndi pulasitala, foni yodzadza moto. Netiweki m'phiri imabwera n'kupita, nde mapu akhale osungidwa kale mu foni, ndipo munthu mmodzi kunyumba adziwe njira imene mwatenga ndi nthawi yoti ayambe kuda nkhawa.

Chachisanu n'chiwiri, nyengo ndi nthawi

Mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera kuzizira kumaonjezekera ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono, onjezanipo mphepo ndi malaya onyowa ndi thukuta, muona kuti munthu amene ananyamuka pansi akudandaula kutentha atha kumanjenjemera pamwamba. Miyezi yabwino ndi kuyambira May mpaka October. Koma June ndi July kuli chiperoni, kamvula kowaza ndi nkhungu kochokera mbali za ku Mozambique kaja, kamene kamatha kuphimba phiri m'kanthawi kochepa mpaka osaona mnzako amene ali patsogolo pako pomwepa. Nkhungu ikatseka ndipo njira simukuidziwa bwino, osangoyendabe mwachiyembekezo. Valani jekete, khalani pamodzi, bwererani njira imene munadzera ngati ikuoneka. September mpaka November vuto ndi dzuwa ndi moto wolusa, nyamukani kusanache ndipo mukaona utsi kumene mukulowera tembenukani. Nthawi ya dzinja ine mapiri akuluakulu ndimawasiya. Kamtsinje kamene munadumpha m'mawa masana kamakhala kosaoloka, ndipo tonse tikukumbuka zimene namondwe wa Freddy anachita mu March 2023, matope ndi miyala kutsika m'phiri la Soche kugwera ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe chimodzimodzi. Zipsera zake zikuonekabe m'mapirimo ndipo njira zina zinasintha.

Ikani nthawi yobwerera musananyamuke, ndipo ikakwana bwererani olo nsonga ikuoneka pafupi bwanji. M'miyezi yozizira dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko kupitirira pang'ono, mdima wake sumachedwa. Ine ndimafuna 3 koloko izindipeza ndili pansi.

Za njoka anthu amafunsa kwambiri. Zambiri zimathawa zikamva mapazi, yovuta ndi mphiri chifukwa imangogona panjira osasuntha, chifukwa chinanso choyang'anira kutsogolo. Ikaluma munthu osatema, osayamwa, osamanga chingwe chothina, m'nyamuleni asayendeyende mupite naye kuchipatala. Koma kunena zoona chimene chandizunzapo ine kwambiri ndi chitedze ndi linthumbu, osati njoka.

Tsopano tsiku la Mulanje

Mukatha miyezi itatu, ndipo maola atatu m'phiri la kwanu sakukugonekaninso tsiku lonse, mwakonzeka. Kuchokera ku Limbe kwerani minibasi ya ku Mulanje, kaya yodzera Thyolo kaya ya msewu wa Midima, tsikani pa Chitakale, pamenepo pezani yolowera msewu wa ku Phalombe mutsike pa Likhubula. Bola kugona konko kuti 6 koloko m'mawa ikupezeni muli pa geti. Lipirani ya pa geti, lembetsani ku ofesi ya za nkhalango, tengani gaidi. Gaidi si wa azungu okha ayi. Muuzeni poyambirira kuti mukufuna kumathamangako kuti akupatseni wa miyendo yake, gwirizanani mtengo musananyamuke, ndipo chakudya chimene mwatenga mugawane naye.

Njira yoyambira yabwino ndi kukwera pa Skyline kukafika pa Chambe n'kutsikira Chapaluka. Skyline ndi yoimirira, mukwera mamita pafupifupi 1,000, oyenda wamba amatenga maola atatu kapena anayi, nde musadzinamize kuti muthamanga, manja pa ntchafu basi. Mphoto yake ili pamwamba. Mukangotulukira m'chigwa cha Chambe njira imagona, udzu waufupi, mphepo yozizira, chimwala cha Chambe chitaima kumbali ngati khoma, apa nde pothamanga mpaka kukafika pa kanyumba ka alendo ka Chambe Hut. Pumani, idyani, mupatseni moni mlonda wa pamenepo. Mukaona timitengo ta mkungudza todzalidwa chatsopano tilambalaleni, mtengo wa fuko lathu umenewu unatsala pang'ono kutheratu m'phirimo chifukwa cha macheka ndi moto. Mapepala a maswiti ndi mabotolo abwerere m'chikwama. Phirili kwa anthu a kuno ndi la mizimu ya makolo, ndipo mu 2025 a UNESCO analiika pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse, nde gaidi akakuuzani kuti pano sitichita phokoso, khalani chete osafunsa zambiri.

Chapaluka imatsata mtsinje, ili ndi mithunzi komanso miyala yonyowa, nde zonse zija za kutsika zigwiritseni ntchito pano. Kumunsi mufikira pa Dziwe la Nkhalamba. Viikani miyendo, mumva ngati mwabadwanso, koma zodumphiramo thupi lili lotentha komanso lotopa ayi, madzi ake ndi ozizira kwambiri ndi akuya ndipo anthu amirapo pamenepo.

Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 ija, isiyeni kaye. Kumeneko n'kokwawa m'miyala, anthu amagona kaye pa Chisepo Hut n'kulawirira m'mawa ndi gaidi. Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anapitirira yekha atasiya gaidi m'munsi, nyengo inasintha, anakamupeza patatha masabata atamwalira. Amene mwayamba kumva kukoma ndipo mukufuna mpikisano, kuli Porters Race imene imachitika mu July, makilomita opitirira 20, kuyambira pa Likhubula kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikiranso pa Likhubula. Unayamba ngati mpikisano wa ma porter (onyamulira alendo katundu) ndi magaidi okhaokha, pano aliyense amalowa. Chaka choyamba pitani mukangoonerera, muone mmene anyamata ndi atsikana a konko amatsikira pa miyala, mudzabwerako mutadzichepetsa.

Mukafika kunyumba idyani nsima yokwanira, imwani madzi ambiri, mowa udikire kaye. Tsiku lotsatira mudzadzuka mukuti aa, zili bho. Dikirani lachiwiri lake. Ntchafu zimauma gwa moti kutsika masitepe a ku ofesi mumachita chammbali mutagwira chitsulo, kukhala pa chimbudzi nde nkhondo ina. Sikuvulala kumeneko, ndi malipiro a kutsika kuja, pakatha masiku atatu kapena anayi zimatha ndipo ulendo wotsatira sizifikanso pamenepo. Muziyendayenda pang'ono osangogona. Ululu wobaya pa malo amodzi, pa bondo kapena pa fupa, umene sukusintha patatha sabata, umenewo nde wokaonetsa. Nsapato zichotseni kansalu ka mkati, zitsukeni ndi madzi ozizira, ziyanikeni pa mthunzi mutaikamo nyuzipepala. Pafupi ndi mbaula ayi, yanga ina inasiya guluu usiku umodzi wokha.